Amene Ankayankha Padziwe Lakumunsi

Chimene Marita anayamba kudabwa nacho si mapazi a amuna ake ayi, koma fungo. M'mawa wina mwezi wa Juni, akukutumula bulangeti pakhonde, anamva fungo la dzira lovunda kumapeto kwa bulangetilo, kumene kumakhala mapazi. Anasuzumira kunsi kwa bedi poganiza kuti nkhuku yake yosamva ija yaikiranso m'nyumba. Dzira sanalipeze. Anapeza majombo a amuna ake ali chinyowere ndi mame, njere za udzu zitakanirira m'mbali, chikhalirecho dzulo lake anali atawatsuka yekha n'kuwaika pamenepo atauma.

Amuna akewo, a Felton, anali mphunzitsi wopuma pantchito komanso mkulu wa mpingo, munthu wovala tayi ngakhale popita kuchigayo. Matenda a shuga anawapeza zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, ndipo anawakhalira kumapazi. Masana mapaziwo ankachita dzanzi, moti Lamulungu lina anayenda kuchokera kutchalitchi mpaka kunyumba ndi kamsomali m'nsapato osadziwa kanthu. Usiku ankawayaka ndi kubaya mkati mwenimweni, mwakuti bamboyo ankadzuka n'kumazungulira pabalaza mpaka ululu utatopa. Marita anazolowera, ndipo thupi lake linaphunzira kusadzidzimuka bedi likagwedera.

Atawafunsa ngati majombowo anayenda okha, a Felton anayankha osatula kapu ya tiyi kuti anatuluka kukaona mbuzi. Koma khola la mbuzi linali pabwalo pomwepo, panthaka imene iye ankasesa tsiku ndi tsiku, ndipo udzu wa njere zotero unkamera kuphiri kokha.

Patapita masiku atatu, a Felton anayamba kugona ndi masokosi. Chiyambire matendawa, namwino wa kuchipatala chaching'ono anali atamuphunzitsa Marita kuti madzulo alionse aziona mapazi a amuna ake ndi tochi, pakati pa zala ndi kunsi komwe, popeza munthu wa dzanzi samva pamene wavulala. Ntchito imeneyi a Felton ankaikonda, ngakhale sankavomera. Tsopano anaikana. Ankati kwazizira, mawa lake n'kunena kuti atopa, tsiku lina n'kuyamba pemphero lamadzulo Marita asanatenge n'komwe tochi, ndipo pempherolo analitalikitsa mpaka mayiyo anawodzera ali chigwadire. Fungo lija silinachoke. M'mawa wina pansalu yoyala panaoneka kadontho kachikasu, kouma, ndipo tsiku lotsatira timadontho tinali titatu.

Sabata yomweyo mbiri inayamba kuyenda pamjigo kuti ku Kawira kwayambanso zinthu.

Kawira ndi kasupe wa madzi otentha, m'kati mwa nkhalango ya boma, mtunda woyenda theka la ola kuchokera pamudzi, njira yokwera yokhayokha. Madzi ake amatuluka pansi pa thanthwe akubwadamuka, n'kudikha padziwe laling'ono lakumtunda pamene ana osamva amaphikapo mazira. Kuchoka apo amatsika m'miyala, n'kukumana ndi kamtsinje kozizira pansi pa mitengo ya katope, ndipo pamenepo mpamene pali dziwe lakumunsi, lofunda bwino, losambamo anthu. Njira imadutsa kuseri kwa mwala waukulu, pafupi ndi dziwe lakumunsilo. Mwamuna akafika pamwalapo amaima, nkhope atalozetsa kuphiri, n'kuitana kuti, "Kumadziko!" Kukakhala zii amatsika. Akamva mawu a mkazi akuti "Kuli anthu," satembenuka n'komwe, amadikira kapena kupitirira. Palibe anaulemba mwambo umenewu, koma ngakhale chidakwa chimausunga.

Zolembedwa zinali pachikwangwani chimene a Elifala, mlonda wa nkhalangoyo, anakhoma pamtengo: munthu asalowe yekha, asakhalitse m'madzi, ayambe wayesa ndi chigongono, asamize mutu, ndipo padziwe lakumtunda asayerekeze. Chikwangwanicho chinakhomedwa atamwalira Lidia. Iyeyu anali mayi wamng'ono wa mumpingo momwemo, wovutika ndi msana, amene anapita yekha ku Kawira m'bandakucha zaka zinayi zapitazo. Madzi anamufoola, anachita chizungulire, ndipo anamupeza dzuwa litakwera, atamira m'dziwe losafika n'komwe pachifuwa. Pamaliro pake amene analalikira anali a Felton. Ananena mawu olimba tsiku limenelo, akuti Mkhristu wofunafuna machiritso m'madzi amene makolo ankathirako nsembe wasiya njira, ndipo mayi ake a Lidia analira mosiyana ndi mmene ankalirira poyamba. Marita anachita manyazi pamalirowo, koma sanawauze amuna ake.

Tsopano pamjigo ankati mnyamata wina wolawirira kukatchera mbewa anamva mawu a mwamuna akuitana kumadziko kusanache, mawu okhuthala, osakhala a munthu wa pamudzi pano, ndipo mkazi anayankha. Ena ankati kumtunda kumamveka nyimbo ya m'buku la mpingo, yoimbidwa chapansipansi, yopanda mawu. A Elifala nawo, munthu wosakonda zamabodza, anavomera kuti pathanthwe lakumtunda anapezapo tizikopa toyera, topyapyala, tosakhala ta njoka. Amayi ankanong'onezana dzina la Lidia, kenako n'kuyang'ana kumbali Marita akayandikira ndi ndowa yake. Kezia yekha, mnzake wa m'Chigwirizano cha amayi, ndiye sankalankhulapo, ankangopopa madzi maso ali pansi.

Masana ena a Felton anagona tulo pampando pakhonde, Baibulo lili pachifuwa. Marita anagwada mwakachetechete n'kuyamba kukoka sokosi ya kumanzere. Inakanirira. Ataikoka pang'onopang'ono inachoka ndi khungu. Phazi lonse mpaka m'kakolo linali matuza okhaokha, ena ophulika, ena otukuka ndi madzi, ndipo zala ziwiri zakumapeto zinali zitayamba kuda. Mwini phaziyo sanagwedezeke n'komwe, ankangopuma bwinobwino kukamwa kuli yasa.

Atadzuka, Marita anawauza kuti mawa apite kuchipatala. Anakana mofatsa, monga ankakanira ana a sukulu opempha kuweruka msanga. Anati matuzawo ndi matenda amene akutuluka, usiku ululu wachepa kale, awapatse sabata imodzi yokha. Marita anafunsa kuti akutuluka chifukwa cha mankhwala ati. A Felton anatsegula Baibulo.

Usiku umenewo Marita anachita mantha enieni. Namwino uja anali atanenetsa kuti chala cha munthu wa shuga chikada, chimakoka phazi, phazi n'kukoka mwendo. Ndipo ngakhale anali Mkhristu wa zaka makumi anayi m'Chigwirizano, maganizo ena amene sakanawatchula pamaso pa abusa anamubwerera: za anthu amene amatengedwa ali mtulo, n'kukagwiritsidwa ntchito kutali, n'kubwezedwa kusanache osakumbukira kanthu. Anadziseka, kenako anapemphera, kenako anadzuka n'kukamwa tiyi wakuda bii wopanda shuga kuti tulo tisamube. Komabe tinamuba. Anadzidzimuka kutayera, amuna ake ali pambali pake, bulangeti likununkha.

Usiku wotsatira anamanga ulusi wa ubweya kuchala chake chachikulu cha kuphazi, mbali inayo n'kumangirira ku ndodo ya a Felton imene inkatsamira kumutu kwa bedi.

Ulusiwo unamukoka tambala woyamba asanalire. Sanatsegule maso. Anamva amuna ake akung'ung'udza pang'ono, akumasula ulusi poganiza kuti ndodo yakola bulangeti, kenako majombo akukhwekhwereza, chitseko chikulira kamodzi. Anawerenga mpaka makumi atatu, anadzifunda chitenje pamwamba pa juzi, n'kutuluka wopanda tochi.

Kunali mdima wa nkhungu, wonyowa, umene umakhala m'mapiri a Ntchisi nyengo yachisanu. Patsogolo pake kuwala kwa tochi ya a Felton kunkaoneka ngati kadontho, n'kuzimirira, n'kuonekanso. Anadutsa m'minda yokolola kale, mapesi akuthetheka pansi pa mapazi, mpaka pamzere wolambulidwa umene umalekanitsa minda ndi nkhalango ya boma. M'nkhalangomo munali phokoso la madontho ogwa m'masamba, apa ndi apo, ngakhale panali patatha miyezi iwiri mvula osagwa. Lumbe analira kamodzi chakumanja n'kusiya. Chimene chinamupweteka mtima Marita n'chakuti bamboyo ankayenda bwinobwino, ndodo gu, jombo gu, pamapazi amene munthu wina aliyense sakanatha n'kuwaponda pansi.

Fungo lija linayamba kubwera ndi mphepo, lochepa poyamba, kenako lodzaza m'mphuno. Madzi anayamba kumveka. Nkhungu inasanduka yofunda pankhope, ndipo Marita anadziwa kuti imeneyi tsopano ndi nthunzi. Tochi inaima pamwala waukulu uja n'kuzima.

"Kumadziko."

Mawuwo anali a amuna ake, koma atawakhuthalitsa dala, kulankhulira pakhosi kuti asadziwike. Mkulu wa mpingo wathunthu, kusintha mawu ngati mwana wakuba mango. Marita akanaseka pakanapanda chimene chinatsatira. Kunakhala chete nthawi yaitali, madzi okha akuyenda m'miyala. Kenako kuchokera pansi, m'kati mwa nthunzi, mawu a mkazi anabwera, osasa, onjenjemera.

"Kuli anthu."

Marita anafuna kuthawira kunyumba. Koma anaona tochi ikuyakanso, yolozetsedwa kuphiri mwaulemu, n'kuyamba kukwera kanjira kopita kumtunda, ndipo apo mpamene zonse zinamugwera m'mutu nthawi imodzi: matuza aja anali a madzi owotcha a padziwe lakumtunda. Anakwera pambuyo pawo chokwawa, akugwira mizu ndi miyala yoterera.

Anawapeza atakhala pathanthwe, buluku atapinda mpaka m'mawondo, majombo ndi masokosi ataika bwino pambali. Mapazi onse awiri anali m'madzi. Maso anali otseka, nkhope yosalala ngati ya munthu amene wakhuta, ndipo ankaimba chamumtima nyimbo ya madzulo imene ankaikonda. Marita anagwada pambali pawo, anakwinya dzanja la juzi, n'kuviika chigongono. Anachichotsa nthawi yomweyo, mpweya utamuthawa. Madziwo anali oti n'kusosolera nkhuku.

Anawagwira m'khwapa n'kuwakokera kumbuyo ndi mphamvu zimene sankadziwa kuti akadali nazo. Onse awiri anagwera paudzu. A Felton anatsegula maso n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Mayi a Chisa," anatero chapansipansi, pomutchula ndi dzina la mwana wawo woyamba, Chisangalalo. "Ndi ofunda chabe. Ndimayamba ndayesa."

"Mumayesa ndi chiyani?"

"Ndi phazi."

Atangonena anamva okha chimene anena. Marita anawagwira dzanja n'kuligunditsa pamadzi, nsonga za zala zokha. A Felton analibweza msanga n'kuliika pachifuwa. Kenako anaunika mapazi awo ndi tochi, n'kuwayang'ana ngati ndi a munthu wina. Sanalire. Anangoti ululu wa usiku unawafikitsa poti sakanathanso, ndipo masana sakanabwera, anthu onse akukumbukira zimene ananena pamaliro paja. Ankafuna dziwe lakumunsi ngati wina aliyense, koma tsiku lililonse ankapeza kuli munthu, ndipo kudikira kukanawachedwetsa mpaka kuyera.

Kutsika nawo yekha sikukanatheka, ndipo Marita sanalole kuti apondenso pansi. Anaima n'kuyang'ana kumunsi kumene nthunzi inkafuka mumdima. Mkazi ali ndi ufulu wotsikira kumene kuli mkazi mnzake, koma ufulu umenewo sanaufune m'pang'ono pomwe. Anaitana ali pomwepo.

"Inu muli kumunsiko, ndine Marita, mkazi wa a Felton. Kaya ndinu ndani, bwerani mudzandithandize."

Madzi anakhuvuka. Panapita nthawi. Kenako kunamveka mapazi opanda nsapato pamiyala, akukwera pang'onopang'ono, n'kuima, n'kukweranso. Marita anagwira tochi ya a Felton ndi manja awiri. M'kuwalamo munatuluka Kezia, chitenje chonyowa atamanga pachifuwa, mano akugundana, ndipo paphewa ndi pakhosi pake panali mawanga oyera amene Marita anali asanawaonepo, chifukwa Kezia ankavala bulauzi yotseka mpaka m'khosi ngakhale mwezi wa Okutobala. Ankaopa kuti anthu adzati ndi khate. Nayenso ankasintha mawu poyankha, atatseka pakamwa ndi dzanja, ndipo mawu okhuthala aja ankamuopsa kwambiri moti akangowamva ankakhala m'madzi osapuma, akupemphera kuti chinthucho chipitirire.

Palibe anaseka. Amayi awiriwo anapingasa manja, mkulu wa mpingo anakhalapo atawakoleka m'makosi, ndipo anatsika naye phirilo akupumira mitengo isanu iliyonse. Pamzere wolambulidwa uja anakumana ndi a Elifala akuyamba ntchito. Mlondayo anayang'ana mapazi, n'kuyang'ananso amayiwo. Anawabereka a Felton kumsana mpaka pamsewu n'kuimitsa njinga yamoto. Ali kudikira anangonena kuti mwina zinakhala bwino kuti kumunsi kunali munthu, popeza munthu wa shuga wolowa thupi lonse m'dziwe lija, yekha, m'mimba mulibe kanthu, sakanamupeza atakhala pathanthwe akuimba.

Kuchipatala chachikulu anakhalako milungu isanu. Phazi la kumanja linapola. La kumanzere madokotala analimbana nalo, tsiku lina akuti lipulumuka, tsiku lina akupukusa mitu, ndipo pomaliza anadula zala zitatu n'kusiya phazilo. Marita anagona pansi pa bedi masiku onsewo. Usiku wina a Felton anamuuza kuti anapita ku Kawira maulendo khumi ndi atatu, anawerenga, ndipo maulendo onsewo anayankhidwa. Anapempha Marita kuti akawapepesere kwa Kezia pomusowetsa mtendere masiku ochuluka chotero. Anawonjeza, ngati akungokumbukira, kuti mayiyo ayenera kuti ankadwaladwala chimfine, chifukwa masiku ena mawu ake ankakhala osasa, koma masiku ambiri ankamveka oyera bwino, aang'ono, odekha, mawu oti munthu n'kumaganiza kuti anawamvapo penapake.

Atabwerera kumudzi, Kezia anabwera kudzazonda ndi nthochi ndi nkhuku. Anali atapita kuchipatala nayenso, Marita atamukakamiza, ndipo anamuuza kuti mawangawo si khate ndipo sapatsirana. Pomuperekeza, Marita anapereka chipepeso chija. Kezia anadabwa. Anati iye ku Kawira anapitako katatu kokha, tsiku la msika lokha, bambo a kunyumba akalawirira ku Malomo ndi tomato, chifukwa masiku ena sakanatuluka osafunsidwa.

Marita anafunsa ngati ankadziwa mayi wina amene ankapitako. Kezia anati m'bandakucha wotero, chimwalirire Lidia, ndani angapiteko. Anaimirira panjirapo kanthawi, onse awiri akuyang'ana kuphiri kumene nkhungu inali itayamba kale kutsika. Kenako Kezia anakonza mpango wake n'kutsanzika.

Marita anaganiza zosawauza amuna ake. Anaganizanso zambiri masiku otsatirawo, akusesa, akupala moto. Mwina analipo mayi wachitatu wa manyazi ake, popeza pamudzi manyazi sasowa. Mwina sanalipo. Ndipo ngati sanalipo, Marita sankadziwa ngati mawuwo ankawatumiza amuna ake kumadzi owotcha, kapena ankawatchinga kuti asalowe pamene munthu wayekha satulukapo. Mafunso awiriwa ankasinthana m'mutu mwake, ndipo lililonse linkaoneka loona likakhala lokha.

Madzulo ena, mabala atapola, anatenga beseni, madzi a m'ketulo ndi a mumtsuko, kuti awasambitse mapazi monga anamuuzira kuchipatala: kutsuka msanga, kupukuta pakati pa zala, osaviika nthawi yaitali. A Felton anakhala pampando pakhonde, buluku atapinda. Anati Lamulungu likubwerali akufuna apite kwa mayi ake a Lidia asanapite kutchalitchi, ali ndi mawu oti akabweze, ndipo Marita awaperekeze chifukwa njira ya kumeneko ndi ya miyala. Marita anavomera ndi mutu, akusakaniza madzi.

Bamboyo anayang'ana phazi lawo la zala ziwiri, kenako anayang'ana kuphiri.

"Masiku ena aja sanali Kezia, eti?"

Marita anakwinya dzanja la juzi. Pachigongono pake panali kachipsera kofiirira, kosapola bwino. Anachiviika m'beseni, n'kuchisiya momwemo nthawi yaitali kuposa mmene zinkafunikira.

"Madzi ali bwino," anatero. "Bweretsani phazi."